Gologolo, Anamzeze ndi Mitu ya Mawu

Padangokhala. Ngati muli tonse vomerani, ndisamalankhule ndi makoma. Kunali kale, nyama zisanaiwale kulemba.

Pamudzi wina wa nyama panali ukonde waukulu umene Kangaude analuka pamkuyu wa pabwalo, ndipo paukondepo ankapachikapo masamba olembedwa. Aliyense wokhala ndi nkhani ankathyola tsamba, kulembapo, n'kukapereka kwa mlembi wamkulu, Mayi Nungu. Iwo ankaliwerenga, kukonza molakwika ndi munga wawo, n'kumupatsa Kangaude kuti alipachike pa ulusi wake. Za mankhwala pazokha, za mbewu pazokha, za maukwati, za maliro, za zitsime zouma. Zinkayenda bwino masamba adakali ochepa. Koma nyama zinakonda kulemba, abale inu, ngakhale zopanda mutu zomwe. Masamba anachuluka mpaka mkuyu unaoneka ngati waphukanso kachiwiri.

Tsono wofufuza masambawo anali Nkhono. Ndisamunamizire, Nkhono anali wokhulupirika, sanabweretsepo tsamba lolakwika. Koma liwiro lake mukulidziwa. Chule anapita tsiku lina kukafunsa za mankhwala a mwana wake mbululu, ndipo pamene tsamba linkafika n'kuti mwanayo atamera miyendo, akufunsira mbeta. Mzere wa odikira sunkatha pabwalo, ndipo madandaulo onse ankagwera Mayi Nungu.

Mayi Nungu anali ndi mwana wamkazi dzina lake Nangondo, amene anakwatiwa ndi Gologolo. Gologolo anali mkamwini pamudzipo, koma ukamwini wake unali wa pakamwa. Kuseketsa anzake, iye. Kudziwa za kutali, iye. Koma kumunda kwake udzu unkafika m'khosi.

Tsiku lina Nangondo anamupeza ali gone pamthunzi, kamwana kawo Ndaziona kakuseweretsa mchira wake.

"Bambo a Ndaziona, dzukani. Amayi atopa nanu."

"Atopa nane? Ine ndawasenzetsa chiyani?"

"Musaseke. Akuti mwezi uno ukafa, mupinde mphasa yanu muziona msewu wa kwanu."

Gologolo anadzuka. "Nanga mwana?"

"Mwana ndi wa pano. Inunso mukudziwa."

Gologolo anayang'ana kamwana kake kaja. Ulesi anali nawo ndithu, sitingamubisire, koma mkazi wake ndi kamwana kaja ankawakonda ndi mtima wonse, ndipo kuganiza zodzuka m'mawa osakamva kakulira kunamuwawa koopsa. Kukapepesa yekha sakanatha. Mkamwini salankhula ndi apongozi ake maso ndi maso, ngakhale kukumana panjira amapatukira kutchire. Kulima munda wonse mwezi usanafe, iyenso ankadziwa kuti kumeneko n'kulota.

Anayang'ana mzere wa pabwalo, maso ake n'kuwala.

"Mayi a Ndaziona, kawauzeni amayi kuti ine ndithetsa mzere uwo. Aliyense azilandira tsamba lake malovu asanaume pamwala."

"Mwayamba bodza lanu lija."

"Pitani chabe."

Nangondo anapita, nabwera. "Akuti Akhwangwala ananenanso zomwezo, koma ankafuna gawo la chimanga cha mudzi wonse, masamba azikawasunga kwawo, ndipo mmene amafufuzira osaulula. Anawakana."

"Amene ine ndibweretse safuna chimanga."

"Ndiye akuti tsiku lomaliza la mwezi adzalavula okha pamwala. Tsamba likafika malovu asanaume, mukhala. Likapanda kufika, musadikire kuti akuuzeni."

Gologolo anali atamva m'maulendo ake za anamzeze, mbalame zimene zimati zikangodutsa kamodzi pamasamba, zimakumbukira pamene liwu lililonse lagona. Anawapeza pachulu akuthamangitsa ngumbi.

"Odi, akuluakulu a m'mwamba! Mwini wanu ndani, ndikamupemphe?"

Kapitawo wa anamzeze anatera panthambi. "Tilibe mwini. Ndife a aliyense amene watipatsa pomanga chisa."

"Nanga malipiro?"

"Palibe. Pangano lathu ndi limodzi lokha. Chimene mutiphunzitse kwanu, ife tidzakaphunzitsa anamzeze a midzi ina, monganso ena anatiphunzitsira ife. Sitibisa kanthu."

Pa mawu onsewo, Gologolo anakonda kwambiri akuti palibe. Anatsogola, mbalame zili pambuyo. Zinamanga zisa zadothi panthambi yoyandikana ndi ukonde, kenako zinayamba kuwerenga, zikuuluka uku ndi uku, osadumpha ngakhale tsamba lodyedwa ndi mbozi. Pouluka zinkaimba kanyimbo kawo kakafupi. Kapitawo ankatsogolera, kufunsa tsamba kuti lagona pati, anzake n'kuvomera m'malo mwa tsambalo kuti lili pompano, alitenge. Kanyimboko kanali kothamanga, moti ana a pamudzi anakagwira tsiku lomwelo n'kumakavinira.

M'mawa mwake Gologolo anakwera pachitsa n'kumema mudzi wonse kuti udzaone. Mayi Nungu anakhala chapatali atatembenukira kumbali, monga amachitira apongozi, koma khutu lili tcheru. Woyamba kufika anali Mayi Njiri. Anagwada, paja kugwada n'kwawo, naomba m'manja.

"Zikomo, alendo athu. Pepani kukuvutitsani. Ine ndimati ndifunseko..."

Sanamalize. Anamzeze atangomva zikomo anali atapita kale, nyimbo ili pakamwa. Tsono ndani pamudzipo analembapo tsamba osayamba ndi zikomo? Masamba anagwa ngati matalala, a maliro, a maukwati, a mpeni wosowa, mpaka Mayi Njiri anakwiririka, kungotsala kamchira kali njo m'mwamba.

"Mayo ine! Ndimangofuna za mbewu ya maungu!"

Gologolo sanaphethire. "Musaope, abale! Lero linali tsiku lokuntha fumbi. Taonani mmene masamba awalira!"

Nyama zina zinakhulupiriradi. Koma minga ya Mayi Nungu inangoti wayawaya, ndipo Kangaude anatha tsiku lonse akupachikanso masamba, akung'ung'udza ndi miyendo yonse.

Gologolo anaitanira Kapitawo kumbali. "Achimwene, mwandivula pagulu."

"Anena zikomo, tabweretsa zikomo. Talakwa pati?"

"Kuno sitiyamba ndi chimene tadzera. Timayamba tapereka moni, kupepesa, kufunsa za ana. Mawu amenewo musamawathamangire. Muzingovomera mwaulemu, n'kudikira chenicheni."

"Tamva. Kumene tinachokera amangofika n'kutchula chimene akufuna."

"Ndiye kwanuko n'kopanda mwambo," anatero Gologolo, amene mwambo ankaukumbukira ukamuthandiza.

Patapita masiku anamemanso mudzi. Ulendo uno anabwera Chule. Anapereka moni wake wautali, anamzeze ali phee, akuvomera mwaulemu. Gologolo anayamba kutukumuka.

"Ndikufuna mizu yochiza mabala," anatero Chule.

Mbalame zinanyamuka ndi nyimbo ija, koma pofika povomera panali zii. Kapitawo anafunsa tsamba kuti lagona pati, wovomera osapezeka. Zinabwerera milomo ili yokhayokha.

"Palibe."

"Palibe bwanji?" Chule anafufuma khosi. "Tsamba limenelo lilipo! A Nkhono anandibweretserapo chaka chatha!"

Nkhono anagwedeza nyanga zake kuvomereza. Nyama zinayamba kunong'onezana, ndipo Mayi Nungu anadzuka, kukuntha nsalu yawo, n'kumapita. Kumeneko kunamuopsa Gologolo kuposa kukalipa.

"Tsono apa mwatani?" anafunsa atatsala ndi Kapitawo.

"Mizu yochiza mabala palibe. Lilipo lonena za muzu wochiza bala. Amenewo ndi mawu ena."

"Ena bwanji? Muzu ukachuluka si mizu?"

"Kumene tinaphunzira ntchitoyi, liwu likachuluka limasintha kumchira, mutu umakhala womwewo. Ndiye ife mawu timawagwira kumutu."

Gologolo anagwira pakamwa. "Kalanga ine! Athu amasintha kumutu. Mwana, ana. Tsamba, masamba. Ndinu alenje ogwira nyama kolakwika."

"Tiphunzitseni, tiphunzira. Koma mutiuze onse. Tikamangodula mitu mwachisawawa, dzino ndi mano tiziwadziwa bwanji kuti ndi pachibale?"

Gologolo anayesa. Anatchula mawu angapo, n'kuyamba kuyasamula. Ena ankawasokoneza yekha, moti anazindikira kuti chilankhulo chimene ankatchuka nacho ankangochiyendetsa ngati bwato lobwereka. Pamudzi ponse amene ankadziwa liwu lililonse ndi abale ake anali mmodzi, yemwe uja wakhala akukonza masamba kuyambira ukonde uli waung'ono, yemwe ujanso akufuna kumuthamangitsa. Mwezi nawo unali utayamba kudyeka.

Nangondo anamupeza atagwira tsaya. "Ndikawapemphe amayi?"

"Ayi, akana. Koma tandiuzani, chimene chimawapweteka kwambiri n'chiyani?"

"Kupatula inu?"

"Kupatula ine."

"Wolakwitsa Chichewa. Amasiya ndi chakudya chomwe kuti amukonze."

Gologolo anaseka mpaka mchira kunjenjemera. "Mayi a Ndaziona, inu ndi mkazi wa nzeru."

"Ine sindinanene kanthu," anatero Nangondo, akubereka mwana wake.

Masana ake Mayi Nungu anali m'bwalo la nyumba yawo akuswa mtedza. Gologolo anandandalitsa anamzeze pampanda, iye n'kukhala kuseri kwake, msana atalozetsa kwa apongozi monga mwa ulemu. Anakonza kukhosi.

"Mvetserani, ophunzira anga! Muzu umodzi. Ikachuluka timati amuzu!"

"Amuzu!" mbalame zinavomera pamodzi.

Kuseri kwa mpanda mtedza unasiya kulira.

"Dzino limodzi, zidzino ziwiri!"

"Zidzino!"

Kunamveka kutsokomola kwa munthu amene sakudwala chifuwa.

"Khasu limodzi, makhasu ambiri!"

"Inu mbalame inu!" Mayi Nungu anaphulika. "Kamuuzeni winawake ali kuseri kwa mpandayo kuti ndi makasu. Makasu! Khasu lamukana m'manja, limukanenso pakamwa? Ndipo ndi mizu, ndi mano! Asandionongere alendo!"

"Makasu, mizu, mano," mbalame zinabwereza, zikusunga.

Gologolo anayankha mofatsa ngati wolapa. "Mbalame, kawathokozeni eni mudzi. Muwafunsenso ngati diso likachuluka si madiso."

"Maso! Mwana wa yani ameneyu? Bwerani kuno nonse, ndikuphunzitseni ndekha!"

Anamzeze anatera mozungulira lichero la mtedza, ndipo Mayi Nungu anayamba. Phiri, mapiri. Tsiku, masiku. Chingwe, zingwe. Anawaonetsa mawu amene amangosintha chipewa thupi lili lomwelo, ndi ena amene amameta ndi tsitsi lomwe. Akati atope, Gologolo ankaponya lina lopotoka kuchokera kuseri kwa mpanda, moto n'kuyakanso. Zinatero tsiku limenelo, mawa lake, ndi mkuja womwe.

Phokosolo linakoka mudzi. Mayi Nungu atanena kuti duwa likachuluka ndi maluwa, Njuchi anakana.

"Kwathu timati maduwa."

"Kwanuko mumalakwitsa."

"Agogo anga ankatero, ndipo ntchito yawo inali yomweyo!"

Kapitawo anawaleretsa. "Musakangane. Tisunga onse awiri, wofunsa aliyense apeze."

Atamva kuti aliyense angathe kuphunzitsa, onse anafuna kuikapo lawo. Ngakhale Nkhono anafika, mochedwa monga mwa masiku onse, koma ndi mfundo yabwino. "Kuno sitikonda kutchula zinthu zowawa. Wina akafunsa za amene atisiya, mufufuzenso amene amwalira." Mbalame zinasunga, n'kumupempha kuti azikhala pafupi ndi zisa, aziziuza masamba amene nkhani zake zinatha kale. Nkhono anavomera mosangalala, poti ntchito yokhala pansi ndiyo ankailakalaka moyo wake wonse.

Gologolo ankangomvetsera kuseri kwa mpanda, akudya mtedza umene unkagubuduzikira kumeneko.

Mwezi unafa. Mudzi wonse unasonkhana pamkuyu, ndipo Mayi Nungu anabweretsa mwala wawo wosalala n'kulavulapo. Chule anafunsa za mizu yake. Nyimbo inamveka, ovomera anavomera mwamphamvu, ndipo tsamba la muzu wochiza bala linatera pamaso pake malovu akunyezimirabe. Mayi Njiri anagwada, kupereka moni, kupepesa, kufunsa za ana a mbalame ndi za ulendo wawo. Anamzeze anadikira. Atangotchula mbewu ya maungu, tsamba limodzi lokha linagwa pamphuno pawo. Nthungululu zinalira. Gologolo anayamba kuvina pachitsa.

"Ndatsala ine," anatero Mayi Nungu.

Analankhula akuyang'ana mbalame, koma aliyense ankadziwa kumene mawuwo ankapita.

"Ndine wamkulu ine, sindine wopusa. Ndikumudziwa amene wakhala akundilimitsa munda wake masiku onsewa, iye ali khale kuseri kwa mpanda kutha mtedza wanga." Analavulanso pamwala. "Ndibweretsereni tsamba lonena za ntchito imene kamkamwini kanga kanagwirapo pamudzi pano."

Anamzeze anauluka. Kapitawo anafunsa tsamba kuti lagona pati, anafunsanso, koma palibe anavomera. Anabwerera msanga, poti iwo ngakhale pokana sachedwa.

"Tafufuza kamkamwini, tafufuza mkamwini, ngakhale chimkamwini. Palibe."

Nyama zinaseka, zina mpaka kugwa chagada. Gologolo sanaseke. Pangano linali loti tsamba lifike, ndipo tsamba silinafike. Anafufuza m'mutu mwake bodza loti limupulumutse, koma nalonso kunalibe. Anayang'ana Nangondo, amene anali atawerama, ndi Ndaziona ali kumbuyo akuyamwa chala, osadziwa kanthu. Chisoni chinamugwira, ndipo manyazi anamugwira koposa, chifukwa mbalame zinanena zoona.

Anatsika pachitsa. "Achimwene," anauza Kapitawo, "simunalakwe. Mukhale pompano, mudzi ukukufunani." Atatero anatembenuka kuti akapinde mphasa yake. Kuseka kuja kunatha kokha.

"Mbalame," anatero Mayi Nungu, "muuzeni aime."

Gologolo anaima, osacheuka. Mayi Nungu anathyola tsamba lanthete, kuzula munga umodzi pamsana pawo, n'kulemba osafulumira. Atatha anapatsa Kangaude, iye n'kukalipachika pamwamba penipeni, pakati pa masamba anzake. Kenako analavula pamwala.

Gologolo anayandikira Kapitawo. "Achimwene," ananong'oneza, "latsopanolo simunaliwerenge!"

"Ulusi ukagwedera timamva," anayankha Kapitawo. "Taliwerenga likupachikidwa."

Mayi Nungu anakweza mawu kuti ndi ogontha omwe amve. "Ndibweretsereni tsamba lonena za akamwini anga."

Mudzi umene unatha masiku ukukangana za mitu ya mawu sukanalephera kumva mutu waulemu umenewo. Mayi Njiri anagwira pakamwa. Mbalame sizinamalize n'komwe mzere woyamba wa nyimbo, ndipo ana a pamudzi ndiwo anavomera m'malo mwa tsamba, akuomba m'manja. Tsamba linatera m'manja mwa Mayi Nungu, iwo n'kupatsira Nangondo.

"Werenga iwe, mawu anga atha ndi kuphunzitsa."

Nangondo anawerenga. "Zikomo. Akamwini anga a Gologolo anabweretsa anamzeze pamudzi pano, ndipo anachititsa mudzi wonse kuwaphunzitsa, ine ndemwe ndili patsogolo. Imeneyo ndi ntchito. Asachoke, mwana akuwafuna. Koma munda akalime ndithu."

Gologolo sakanatha kuwayang'ana kumaso apongozi ake, choncho anagwada moyang'ana mkuyu n'kuomba m'manja nthawi yaitali. Misozi inkangoyenderera. Nangondo anamasula mwana kumsana n'kumuika m'manja mwake, ndipo bambo uja anamukumbatira pamaso pa mudzi wonse, osasamala amene akumuona akulira.

M'mawa mwake, dzuwa lisanakwere, anamuona akutuluka khasu lili paphewa. Anaima pamphambano, kuyang'ana uku ndi uku, kenako anapita pansi pa zisa za anamzeze.

"Zikomo, achimwene. Pepani kukuvutitsani. Munda wanga uja uli mbali iti?"

Nthano yanga yagona pamenepa. Amene anaika mbatata pamoto akaiphule isanapserere.